Galu Akasowa Kuno, Musadikire Kuti Abwera Yekha

Kumudzi galu akapita koyenda, palibe amene amasowa tulo. Njala ikamupweteka amabwera yekha kudzanunkhiza mkute kukhitchini. Ambiri a ife tinafika ku Canada ndi maganizo omwewa, ndipo banja lina la m'bungwe lathu ku Scarborough linatsala pang'ono kutaya galu wa ana awo chifukwa cha zimenezi.

Galuyo anathawa usiku wa pa 1 July, tsiku la Canada Day, ataopsezedwa ndi phokoso la makombola. Bambo a m'nyumbamo anati abwera. Ana analira masiku awiri, mpaka mnzawo wa kusukulu anawauza kuti aimbe 311, nambala ya mzinda wa Toronto imene inayamba kugwira ntchito mu 2009. Anamupeza ku malo osungira ziweto a Toronto Animal Services pa Progress Avenue.

Anachita mwayi. Lamulo la chigawo cha Ontario limati galu kapena mphaka wotoledwa asungidwe masiku osachepera atatu kudikira mwini wake. Nthawi yodikira ikatha, chiwetocho chingathe kuperekedwa kwa banja lina. Galu wa anzathuwa analibe laisensi, komanso analibe kachipangizo kotchedwa microchip, kofanana kukula ndi njere ya mpunga, kamene dotolo wa ziweto amakalowetsa pansi pa khungu. Kakanakhalapo, ogwira ntchito akanaimbira eni ake tsiku lomwelo. Mu Toronto laisensi ya galu ndi ya mphaka imalipiridwa chaka ndi chaka. Okhala ku Mississauga kapena ku Brampton adziwe kuti mizinda yawo ili ndi malo akeake.

Ife anamwino tili ndi chifukwa china cholankhulira nkhaniyi. Tonse tikukumbukira chiwewe kwathu, ndi momwe munthu amavutikira matendawa akayamba kuonekera, pamene palibenso mankhwala. N'chifukwa chake a Mission Rabies akhala akubaya agalu katemera ku Blantyre kuyambira 2015. Kuno lamulo limafuna kuti galu ndi mphaka aliyense wa miyezi itatu kapena kupitirira abayidwe katemerayu. Mwana akalumidwa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri, ndipo pitani naye kuchipatala. Ife tikamulandira timadziwitsa a zaumoyo, ndipo iwo amafuna umboni wa katemera wa galuyo.

Malo amenewa amalandiranso anthu ogwira ntchito modzipereka: oyenda ndi agalu, kapena osunga tiana ta mphaka kunyumba mpaka titakula. A Toronto Humane Society pa River Street, omwe anayamba mu 1887, amachitanso chimodzimodzi. Ophunzira a sekondale amene akusaka maola 40 a ntchito yothandiza anthu ayambe afunsa za msinkhu, chifukwa ntchito zina salola ana. Ndipo makolo, mwana akabwera ndi kamphaka koti asunge milungu ingapo, muyambe mwaona zimene munasainirana ndi eni nyumba.