Mawu Olongosolera Kakomedwe ka Mowa wa Pilsner

Sitima ya Ilala ikakocheza pa doko la Nkhata Bay, malo odyera ndi omwera amadzaza ndi apaulendo komanso alendo ochokera kunja. Anthu a m'bomali amayankhula Chitonga, koma pamalo otere Chichewa ndi Chingerezi zimamveka kwambiri. Ena mwa alendowa amafunsa za mowa wotchedwa pilsner, makamaka wofululidwa ndi ofulula ang'onoang'ono osati makampani aakulu, ndipo amaulawa mofatsa nkumaupatsa malikisi. Mtolankhani kapena womasulira wofuna kulemba zomwe olawawo akunena amapeza kuti mawu a Chichewa alipo okwanira, koma angapo mwa iwo ali ndi matanthauzo awiri, moti chiyamikiro chingamveke ngati chitonzo.

Mowawu unafululidwa koyamba mu 1842 mumzinda wa Plzeň, womwe Ajeremani amautcha Pilsen, m'dziko lomwe lero ndi Czech Republic. Anaufulula ndi Josef Groll wa ku Bavaria, pogwiritsa ntchito chimera cha balere chosawauka kwambiri, madzi opanda mchere wambiri ndi maluwa a chomera cha hops. Umasungidwa pozizira kwa milungu ingapo mpaka nsenga zonse zitadikha. Amalawi anauzolowera mtundu wa mowawu kuchokera mu 1968, pamene kampani ya Carlsberg inatsegula fakitale ku Blantyre, yoyamba kunja kwa Denmark. Fakitaleyi inagulidwa ndi Castel mu 2016.

Dzinalo ena angafune kulilemba kuti pilisina. Potsata lamulo loti r amabwera pambuyo pa i ndi e, monga m'mawu oti mbiri ndi balere, likadayenera kukhala pirisina, ngakhale mawu obwereka monga filimu ndi kilomita satsata lamuloli. Popeza palibe kalembedwe komwe kakhazikika, ndiponso liwuli linachokera ku dzina la malo, nkwabwino kulisiya kuti pilsner. Liwu loti hops nalonso lisiyidwe momwemo, wolemba angofotokoza kamodzi kuti ndi maluwa owawitsa ndi kununkhiritsa mowa.

Wolawa amayamba ndi maso. Pilsner yabwino imaonekera mkati ngati madzi a m'nyanja pa Chikale kukakhala bata, ndipo pamwamba pake pamakhala thovu loyera losaphwa msanga. Apa liwu loti kuyera lisungidwire thovu, mowawo unenedwe kuti ndi wodikha kapena woonekera mkati. Mtundu wake ndi wachikasu, ndipo wokonza zolembedwa ayang'anitsitse liwuli, pakuti chikasu ndi kachasu zimasiyana pang'ono pa pepala koma kutali m'botolo. Wachikasu alembedwe mophatikiza chifukwa akulongosola maonekedwe, pomwe mowa wa Groll alembedwe mopatula chifukwa akusonyeza mwini.

Pa fungo, Chichewa chimasiyanitsa bwino kununkhira ndi kununkha. Pilsner imanunkhira chimera ndi maluwa. Ikanunkha, kawirikawiri yaombedwa ndi dzuwa: kuwala kumadutsa m'botolo lobiriwira nkuononga zowawitsa za hops, zomwe zimachitika msanga kunyanja kreti ikasiyidwa panja.

Vuto lalikulu lili pa lilime. Chomwe olawa amafuna mu pilsner ndi kuwawa, komwe kumatsala kukhosi munthu atameza. Koma liwu loti kuwawa lili ndi ntchito zambiri. Mutu umawawa, tsabola amawawa, kwinini amawawa, ndipo pabwalo la mowa wamasese munthu akati mowa uwu ndi wowawa ambiri amamva kuti ndi woledzeretsa. Motero wolemba akangoti pilsner ndi mowa wowawa kwambiri, wowerenga amaganiza za mowa wogwetsa munthu, chonsecho pilsner yambiri imakhala ndi mphamvu ya pakati pa 4 ndi 5 peresenti basi. Pa nkhani zaumoyo kusokonezeka kotere nkoopsa, chifukwa kulinso zakumwa zotsekemera zomwe mphamvu yake ndi yoposa pamenepa. Nkofunika tsono kupatula mawu anayi:

kuwawa: kakomedwe ka hops, konga ka kwinini koma kofatsa;
ukali: kuchuluka kwa mphamvu yoledzeretsa, monga kachasu waukali;
kuwawasa: kakomedwe konga ka ndimu kapena bwemba;
kusasa: kuonongeka kwa mowa wokhalitsa.

Mawu awiri omalizawa amaonetsa kusiyana kwa mowa wathu ndi wachilendo. Masese kapena chibuku chikawawasa pang'ono, womwa sadandaula, pakuti ndiko kupsa kwake. Pilsner ikawawasa ndiye kuti yalowedwa tizilombo, ndipo wolawa amaikana. Wolemba asatenge muyeso wa mowa wina nkuyesera unzake.

Liwu lina lopusitsa ndi kuzizira. Pilsner imamwedwa itazizira, ndipo m'kutentha kwa ku Nkhata Bay palibe angaifune yofunda. Komatu kukhitchini ndiwo zozizira ndi zija zochepa mchere, zosamveka kukoma. Pofuna kupewa chisokonezo, mowa wochokera m'firiji ulembedwe kuti woziziritsidwa, ndipo wopanda kakomedwe, wonga wothiridwa madzi, ulembedwe kuti wosukuluka. Mowa womwe mpweya wake watha chifukwa chotsegulidwa kalekale ndi wakuphwa.

Aphunzitsi aone kalembedwe ka liwu lomalizali. Aneni a maphatikizo angapo amatenga wo-: wowawa, wosasa, wosukuluka. Aneni a phatikizo limodzi amasunga ku: wakuphwa, wakupsa, monganso chakudya ndi zakumwa. Ophunzira ambiri amalemba wopsa, zomwe zimamveka m'kuyankhula kwa ena, koma kalembedwe kovomerezeka ndi mowa wakupsa.

Chatsala ndi mowa uja wa ofulula ang'onoang'ono. Kuutcha mowa waluso kungatanthauze kuti wa m'fakitale ulibe luso, ndipo kuutcha wofulula pamanja sikuusiyanitsa ndi masese, omwe amayi akhala akufulula m'migolo ndi m'mbiya kuyambira kale. Kufikira liwu limodzi litapezeka, wolemba atchule mtundu wa mowawo ndi woufulula: pilsner ya ofulula ang'onoang'ono.