NKHUNI ZASOWA: TIDZAOTHA CIANI M'CISANU?

Mwezi wa June ukafika, ndipo mphepo ya mwera ikayamba kuomba, banja liri lonse limafuna moto wophikira ndi woothera. Koma m'maboma a Chipata, Katete ndi Petauke, nkhuni zimene kale zinali kuseri kwa nyumba tsopano ziri kutali. Amai ndi ana amataya theka la tsiku kuti apeze mtolo umodzi, ndipo amene sangathe kuyenda amagula ndi ndalama zimene zikanagula mcere ndi sopo.

Bvuto limeneli linakula m'caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi m'nyanja ya Kariba. Magetsi atayamba kuzima, anthu a m'matauni anathamangira ku makala, motero mtengo wace unakwera ndipo mitengo yambiri ya m'midzi inagwetsedwa. Tiyenera kudziwa kuti pootcha makala m'uvuni wa dothi, pamafunika makilogalamu 5 mpaka 10 a mitengo kuti patuluke kilogalamu imodzi ya makala. Mudzi umene ugulitsa nkhalango yace lero udzagula nkhuni mawa.

Njira yoyamba yopulumutsira ndalama ndiyo kuumika nkhuni. Mtengo wauwisi pafupi-fupi theka la kulemera kwace ndi madzi, ndipo moto umayamba wataya mphamvu pophwetsa madziwo usanatenthetse mphika kapena nyumba. Wogula nkhuni zaziwisi wagula utsi. Ziwazeni, muziunjike pa miyala pansi pa denga pamene mphepo ipita, ndipo zikhale miyezi ingapo cisanu cisanafike.

Yaciwiri ndiyo citofu. Pa mafuwa atatu kutentha kocuruka kumathawira m'mbali. Citofu comanga ndi njerwa ndi dothi cimasunga moto pansi pa mphika, cimayaka ndi tinthambi tating'ono, ndiponso cimakhalabe cofunda moto utazima. Citofu ca citsulo cokhala ndi cumuni cimafunditsa nyumba bwino, koma mwini aciwerengere mtengo wogulira, wa mipope ndi wa nkhuni za cisanu conse. Cenjezo: musagone ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka, pakuti mpweya wace ulibe pfungo koma umapha.

Yacitatu ndiyo kubzala. Akatswiri a pa Msekera, pafupi ndi Chipata, anaonetsa kuti mitengo yonga Gliricidia ndi jerejere imabwezera conde m'nthaka ndi kupatsanso nkhuni. Gliricidia ukamudula amaphukanso, kotero mlimi amatema nthambi caka ndi caka osacoka pa munda wace. Mitengo ya nandolo ndi zitsononkho za cimanga nazonso zimayaka bwino. Koma masuku, masau ndi mitengo yina ya zipatso isiyidwe.

Lamulo la za nkhalango la 1973 linalowedwa m'malo ndi la 2015, limene lilola anthu a pa mudzi, mogwirizana ndi mfumu yao, kupanga gulu losamala nkhalango yao ndi kupindula nayo. A nyakwawa afunse ku ofesi ya za nkhalango ya m'boma lao. Mbeu za mitengo zifesedwe m'nazale tsopano, kuti mvula ya December idzapeze mbande zakonzeka. Akulu anati, “Walira mvula walira matope”: wofuna kuotha moto avomere nchito yobzala mitengo.