Kompyuta imagawa colakwika, siicipeza

Wopima malo akamazungulira munda, amaima pa cikhomo ciliconse ndi kuwerenga kona ndi mtunda wokafika pa cikhomo cotsatira, kufikira atabwerera pomwe anayambira. Kupima kotereku kumachedwa traverse. Mapazi amabwereradi pamalo oyamba, koma manambala safika ndendende, pamatsala kampata. Nchito ya pulogalamu ya pakompyuta, kaya ndi STAR*NET kapena tebulo la Excel lotsatira njira ya Bowditch, ndiyo kugawa kampatako ku mbali zonse za munda. Pa njira ya Bowditch, mbali yaitali imalandira gawo lalikulu.

Apa ndi pomwe ambiri amanyengeka. Pulogalamu imatseka mpata uliwonse umene mwaipatsa, waung'ono kapena waukulu, ndipo mapu amatuluka okongola. Nambala imodzi yolembedwa molakwika siicoka: imamwazikana pa zikhomo zonse, ngakhale zimene zinapimidwa bwino.

Cotero musanakhudze kompyuta, wonkhetsani makona m'buku lanu la kumunda. Pa ciwerengero ca zikhomo cotsanipo 2, ndipo yotsalayo muiculukitse ndi 180. Munda wa zikhomo 5 uyenera kupereka madigiri 540, wa zikhomo 6 madigiri 720. Kusiyana kwa masekondi ocepa n'kwacibadwa. Kukafika digiri yathunthu, bwererani kumunda.

Msampha wofala kwambiri uli pa kalembedwe ka makona. Madigiri 45 ndi maminiti 30 ndi 45.5, osati 45.30, pakuti digiri ili ndi maminiti 60. Mukalemba 45.30 m'tebulo loyembekezera madesimo, mwataya maminiti 12. Zimaoneka zazing'ono, koma pa mzere wa mamita 200 cikhomo cimasuntha pafupifupi masentimita 70, ndiwo mzere wathunthu wa cimanga kuyandikira malire a mnansi wanu. STAR*NET imalandira kona imeneyi ngati 45-30-00. Fufuzani cimene pulogalamu yanu ifuna musanalembe nambala yoyamba, ndipo wina aziwerenga mokweza m'buku pamene mnzake akuyang'ana pa kompyuta.

Mtunda nawonso uli pawiri. Tepi yotsatira citunda imapima motsetsereka, pomwe mapu amafuna mtunda wowongoka. Mamita 100 pa citunda ca madigiri 10 ndi mamita 98.5 cabe. Munda ukakula papepala, mbewu ndi feteleza zowerengedwa pa lima iliyonse zimakulanso, ndipo ndalama zimapita pa nthaka imene kulibe.

Pulogalamu ikamaliza, musathamangire mapu. Yang'anani kaye ciwerengero ca kampata kaja poyerekeza ndi utali wa ulendo wonse. Masentimita 20 pa mamita 1,000 ndi 1:5,000, ndipo pa nchito ya pafamu n'zabwino ndithu. Mukaona 1:300, ine ndingakane kulandira zotsatirazo.

Ngati mwayambira pa bikoni ya boma, samalani cinanso: mapu akale a Zambia ali pa Arc 1950, pomwe GPS ya m'foni ili pa WGS 84, ndipo ziwirizi zimasiyana ndi mamita oposa 200. Lusaka ili mu UTM zone 35, Chipata mu 36.

Kupima kwanu n'kothandiza pogawa minda, pokonza mipanda ndi poyala mapaipi a madzi. Koma ca taitolo n'cina: malinga ndi lamulo la Land Survey Act, mapu otero amakonzedwa ndi saveya wa laisensi ndi kuvomerezedwa ndi Surveyor General.