Kasemasema Kobuntha ndi Digiri ya PhD

Mukafika pa msika wa ziboliboli wa Mukuni Park, m'mphepete mwa msewu wa Mosi-oa-Tunya m'tauni ya Livingstone, nyamulani mvuu imodzi ya mtengo muipende. Yasalala ngati mwala wa mumtsinje, kukamwa kuli yasaa, msana uli waliwali ndi polishi. Mlendo wochokera ku mathithi amaitembenuza kawiri n'kufunsa kuti ndi zingati. Saona kuti mvuuyo yadutsa m'manja ambiri. Wina anadziwa mtengo woyenera kudula, mlombwa umene kuno amautcha mukwa, ndipo anadziwa kuti ukasemedwa wauwisi udzang'aluka pouma. Wina ananola kasemasema pamwala mpaka kumameta cheya cha pamkono. Wina anakhala tsiku lonse akukwecha ndi sandipepa. Amene waima pamaso pa mlendoyo nayenso ali ndi luso lake, loika pakamwa pabwino kuti mvuu isabwerere kumudzi.

Digiri ya PhD nayo timaiona itapakidwa kale polishi: mkanjo wa tsiku la mwambo, nthungululu za azakhali, ndi dzina loyamba ndi "Dokotala" ngakhale mwini wake sadziwa kubaya jakisoni. Za m'katimo sitizidziwa. N'chifukwa chake mbale wathu akatha zaka 7 asanamalize timati ndi waulesi, apo ayi anamulodza.

Kusiyana kwake ndi madigiri ena n'kotere. Pa digiri yoyamba munthu amaphunzira mayina a mitengo ndi zida, n'kumasema mipini yofanana ndi imene anzake onse akusema. Pa digiri yachiwiri amamupatsa chipika kuti aseme mtondo yekha, koma mtondo ndi mtondo basi, agogo anausema kale. Pa PhD amamuuza kuti aseme chinthu chimene sichinasemedwepo, ngakhale chikhale chaching'ono, ndipo amisiri akutali osamudziwa adzachigogode kuti amve ngati chili ndi mng'alu. Ntchitoyi imayenera kutenga zaka zitatu kapena zinayi kwa munthu wopanda ntchito ina. Ambiri a kwathu kuno ali nayo ntchito ina, ndi ana, ndi maliro.

Kale njira inali imodzi: wophunzira mmodzi, mmisiri mmodzi. Mmisiriyo ndi amene timati supavaiza. Njira imeneyi imabala zabwino mmisiri akakhala waluso komanso wopezeka pakhomo. Koma supavaiza wa masiku ano ali ndi makalasi odzaza, mulu wa mapepala a mayeso, misonkhano, ndi ophunzira ena angapo omuyembekezera pakhonde. Kuwonjezera apo, mmisiri aliyense ali ndi nyama yake. Wozolowera mvuu sangakuphunzitse khosi la nyamalikiti. Pulofesa akhoza kudziwa mbiri ya mafumu a Atoka ndi Aleya ngati chikhatho chake, koma osadziwa kusanthula ziwerengero pa kompyuta, pamene funso la wophunzira wake likufuna zomwezo.

Osema anatulukira kale mankhwala ake. Amakhala pamthunzi umodzi. Mnyamata amaona mmene uyu amagwirira nkhwangwa, amamva mmene uja akudzudzulira mwendo wa njovu wopindika, ndipo akabunthitsa chida pamakhala wina womusonyeza mwala. Zimene mayunivesite amati maphunziro ndi chithandizo cha luso kwa ofufuza a PhD, tanthauzo lake ndi lomweli: kumanga mthunzi kuti wophunzira asamasemere yekha kuseri kwa nyumba.

Tauni yomweyi inakhalapo ndi mthunzi wotere, ndipo mbiri yake inapita kutali. Mu 1937, patangotha zaka ziwiri likulu la Northern Rhodesia litasamukira ku Lusaka, ku Livingstone kunakhazikitsidwa Rhodes-Livingstone Institute, bungwe lofufuza za kakhalidwe ka anthu, limene poyamba linali limodzi ndi nyumba yosungira zinthu zakale imene lero timati Livingstone Museum. Mtsogoleri wake woyamba anali Godfrey Wilson, amene anakafufuza moyo wa anthu a pa mgodi wa Broken Hill, Kabwe ya lero. Iye atachoka mu 1941 mpando unapita kwa Max Gluckman wa ku Johannesburg, amene ankafufuza pakati pa Alozi.

Mu 1946 kutabwera ofufuza atsopano, Gluckman sanangowapatsa tenti n'kuwauza kuti tidzaonana mukamaliza. Anawatengera kumidzi ya Alamba, chakufupi ndi Copperbelt, kukaphunzira ntchito pamodzi: kuwerenga anthu nyumba ndi nyumba, kulemba mibadwo kuti adziwe wobala ndi wobadwa, kufunsa za chuma cha pakhomo mwini wake osakwiya. Kuchoka apo anapita ku Cape Town kwa katswiri wina, Isaac Schapera, kukasanthula zimene anatolazo, ndipo lipoti la awiri mwa iwo, Clyde Mitchell ndi John Barnes, la midzi imeneyi linatuluka mu 1950. Uku kunali kusema chipande poyamba kuti dzanja lizolowere, asanakhudze chipika chenicheni.

Kenako anabalalika aliyense kudera lake. Barnes anapita kwa Angoni a Mpezeni ku Fort Jameson, kumene lero ndi Chipata. Mitchell anapita kwa Ayao ku Nyasaland, Elizabeth Colson kwa Atonga, Max Marwick kwa Achewa a kum'mawa kwa Zambia. Koma ankabwerera kudzakumana, aliyense n'kuyala zimene wapeza kuti anzake azigogode. Mitchell ankakonda ziwerengero, ndiye ankanolera anzake mbali imeneyo. Iye ndi Barnes analandira udokotala wawo ku Oxford. Victor Turner, amene anabwera pambuyo n'kukakhala kwa Andembu ku Mwinilunga, analandira wake ku Manchester mu 1955, kumene Gluckman anali atayambitsa dipatimenti mu 1949. Dziko limalidziwa gululi kuti Manchester School, koma chipika chake chinadulidwa m'mbali mwa Zambezi. Inu okonda Facebook mudziwenso kuti mawu akuti social network akatswiri ambiri amawalondola kwa Barnes yemweyu, m'nkhani yake ya 1954 yonena za anthu a pachilumba china ku Norway.

Komatu pamthunzi paja panali ena amene ananola, kukwecha ndi kupaka polishi, dzina lawo osalembedwa kunsi kwa mvuu. Awa ndi Aafirika othandizira kafukufuku, amene ankamasulira, kufunsa mafunso, kulemba, ndi kupepesa kwa mfumu mzungu akalakwitsa ulemu. Davidson Sianga ankayenda ndi Gluckman ku Barotseland, kwa Alozi kuja. Matshakaza Blackson Lukhero, Mngoni, anagwira ntchito ndi Barnes, ndipo patapita zaka analemba yekha buku la mwambo wa Nc'wala. Lyn Schumaker anafotokoza za anthu amenewa m'buku lake la 2001, Africanizing Anthropology. Luso anali nalo, ena kuposa amene ankawalipira. Chimene analibe ndi khomo lolowera ku digiri, pakuti dziko linalibe yunivesite mpaka University of Zambia itatsegulidwa mu 1966. Bungwe lija, limene linali litasamukira kale ku Lusaka, linalowa pansi pa yunivesiteyo, ndipo lero ndi Institute of Economic and Social Research.

Lero khomo lija ndi lotsegula. Chimene chachepa ndi mthunzi.

Tiyeni tione chimene wophunzira amasowa akakhala yekha. Choyamba ndi kusankha mtengo. Pafupifupi aliyense amabwera atasenza mlambe wathunthu: akufuna kufufuza "umphawi mu Zambia" kapena "mavuto a maphunziro mu Afirika". Mlambe susemeka, ndi wofewa m'kati ndipo sunyamulika. Pamafunika anthu omufunsa mafunso owawa mpaka atatsala ndi kachipika kogwirika, monga: amayi ogulitsa pa msika wa Maramba amabwereka kuti ndalama miyezi imene alendo achepa, ndipo amabweza bwanji? Asanadule, ayenera kudziwa zimene ena anasema kale, ndipo apa munthu wofunika ndi wa ku laibulale, amene ambiri amamuyesa mlonda wa mabuku chabe. Kuyambira mu 2002 bungwe la WHO lili ndi njira yotchedwa Hinari, imene lero ili m'gulu la Research4Life, yothandiza masukulu a m'mayiko osauka kuwerenga magazini a kafukufuku mwaulere kapena motsika mtengo. Wophunzira wosauzidwa amatha chaka akupempha anzake akunja kuti amutumizire nkhani imodziimodzi pa WhatsApp.

Mtengo sudulidwa popanda chilolezo. Wosema amadziwa kuti pali a zankhalango ndiponso pali mfumu. Wofufuza nayenso amadutsa ku komiti yoona kuti anthu ofunsidwa asapwetekedwe kapena kunamizidwa, ndipo ngati nkhani ndi ya zaumoyo mu Zambia palinso National Health Research Authority. Ku Livingstone nkhaniyi si yakutali, pakuti sukulu ya udokotala ya Mulungushi University ili komweko. Amene atola mayankho a odwala asanalandire chilolezo amakhala ngati wogwidwa ndi matabwa pa rodibuloko: katundu yense amatsala pomwepo.

Kunola ndiko kuphunzira zida: kukonza mafunso, kutola mayankho pa foni ndi KoboToolbox, kusanthula ndi R, kusunga mayina a mabuku ndi Zotero. Zida zimenezi munthu atha kuzipeza osalipira, chodula ndi wokusonyeza. Ndipo pakhale wina womuuza msanga kuti asunge ntchito yake malo atatu, chifukwa laputopu imabedwa m'basi ngati chikwama china chilichonse.

Koma pamene ambiri amafera ndi pa sandipepa, ndiko kunena kulemba. Kutola mayankho kumakoma: ukuyenda, ukucheza ndi anthu, madzulo uli ndi chosimba. Kulemba n'kukhala pansi wekha ndi mutu umodzi miyezi itatu, m'chilankhulo chimene sunayamwire. Munthu amaganiza m'Chitonga, m'Chilozi kapena m'Chinyanja, koma alembe m'Chingerezi cha akatswiri, chimene ngakhale Mngerezi weniweni amachita kuchiphunzira. Supavaiza akabweza mutuwo uli wofiira ndi inki, wophunzira amachita manyazi, amasiya kuyankha foni, miyezi n'kumapita. Sikuti nzeru zatha ayi. Palibe anamuuza kuti mvuu iliyonse imayamba ndi mabala a kasemasema thupi lonse, ndipo kuti kukwecha kumayamba ndi sandipepa wokhakhala, wosalala n'kudza pomaliza. Anthu asanu okumana kawirikawiri, kuwerengerana masamba atatuatatu ndi kuuzana kuti "apa sindikumva", amachiza matenda amenewa kuposa mapiritsi.

Pomaliza ndi pamsika. Tsiku la viva, mayeso a pakamwa, oyesa amagogoda ntchito yonse, ndipo wosazolowera kufunsidwa amanjenjemera ngakhale akudziwa. Ku University of Queensland mu 2008 anayambitsa mpikisano woti wophunzira afotokoze kafukufuku wake yense m'mphindi zitatu. Wogulitsa wa pa Mukuni Park angaseke atamva, chifukwa iye amachita zomwezo tsiku ndi tsiku basi ya alendo isananyamuke. Pamsika palinso akathyali: magazini a pa intaneti amene amalandira ndalama n'kusindikiza chilichonse osachiwerenga. Wophunzira wosachenjezedwa amalipira madola, mawa n'kumva kuti yunivesite siivomereza nkhaniyo.

Mayiko ena anaika zimenezi m'ndondomeko. Ku Britain, lipoti la Gareth Roberts la 2002 linati wophunzira PhD azipatsidwa masabata osachepera awiri pachaka ophunzira maluso otere, ndipo boma linaikapo ndalama. Kuno kwathu chitsanzo chimene ndimachilemekeza ndi CARTA, mgwirizano wa mayunivesite a mu Afirika umene unayamba mu 2008, wotsogozedwa ndi African Population and Health Research Center ya ku Nairobi ndi University of the Witwatersrand, ndipo University of Malawi ili momwemo. Ophunzira ochokera m'mayiko osiyanasiyana amasonkhana kanayi pa ulendo wawo wa PhD, kuyambira pokonza funso mpaka pokonzekera moyo wa pambuyo pa digiri. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti amaphunzitsanso asupavaiza ndi a ku laibulale. Kukhala ndi PhD sikutanthauza kudziwa kulera wina, monganso si wosema aliyense amene amapirira mwana akamawononga chipika.

Tsono taganizani za mphunzitsi wa pa David Livingstone College of Education, kapena wa pa Livingstone Institute of Business and Engineering Studies, amene walembetsa PhD ku Lusaka. Supavaiza wake ali pa mtunda wa makilomita oposa 450. Masana akuphunzitsa, usiku magetsi mwina palibe. Komabe m'mahotela a tauni yake yomweyo mumachitika misonkhano yaikulu chaka chonse, ndipo akatswiri amene iye amangowawerenga m'mabuku amadzagona masiku atatu, kujambulitsa pa mathithi, n'kukwera ndege. Ine sindikhulupirira kwambiri maphunziro a masiku awiri a m'hotela, a tiyi wa teni koloko ndi alawansi. Chida chonoledwa kamodzi pachaka chimakhala chobuntha miyezi khumi ndi umodzi. Gluckman analibe intaneti, koma anthu ake ankakumana mobwerezabwereza, ndipo aliyense ankabwera ndi chosema m'manja.

Akuluakulu a makoleji a ku Livingstone, pempho langa ndi laling'ono. Pezani chipinda chimodzi chokhala ndi magetsi ndi intaneti, muchitsegule Loweruka limodzi pamwezi kwa aliyense wa m'tauniyi amene akulemba PhD, kaya analembetsa kuti. Mlendo wodziwa akabwera ku msonkhano, mupempheni ola limodzi. Ndipo mphunzitsi wanu akafika pa chaka cholemba, muchotsereniko kalasi imodzi.