Walter Muparutsa ndi Phunziro la Ozias

Bambo Walter Muparutsa, mkhalakale pa zisudzo ku Zimbabwe, anamwalira mu 2012. Anaonekera m'makanema a Cry Freedom mu 1987 ndi Yellow Card mu 2000, koma gawo losaiwalika ndi la Ozias mu Everyone's Child, kanema wa mu 1996 amene anatsogolera ndi Tsitsi Dangarembga.

Makolo a Tamari ndi Itai atamwalira, mbale wawo Ozias anatenga ng'ombe ndi pulawo, nasiya anawo manja ali m'khosi. Bambo Muparutsa sanamuonetse ngati chilombo ayi, koma ngati munthu wolemekezeka wokhala ndi zifukwa zomveka, kotero kuti woonera amadziona yekha mwa iye. Ozias anadzidzimuka mochedwa, mzime Nhamo atapsera m'nyumba.

Nkhaniyi ikukhudza kwambiri anthu a m'mafamu a ku Mashonaland, monga ku Mazowe, Bindura ndi Chinhoyi, kumene mabanja ambiri anachokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia. Mwana wamasiye wa pakomboni alibe mudzi wapafupi wothawirako; mbale wake ndi mnansi. Paja akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe.