Makoma ndi Misewu Yomeza Utsi

Kutsogolo kwa chipatala cha Manuel Gea González mumzinda wa Mexico City kuli khoma loyera, lobookabooka ngati chisa cha njuchi. Wodutsa amangoti n'lokongoletsa, komatu analiika mu 2013 kuti lizimeza utsi wa magalimoto.

Utsi womwe akulimbana nawo ndi wa nitrogen oxide, umene umatuluka kwambiri m'mainjini a dizilo. Mbali yake yoopsa, nitrogen dioxide, imatupitsa njira za mpweya m'mapapo ndipo imavutitsa kwambiri ana odwala mphumu.

Chinsinsi cha khomali ndi titanium dioxide, ufa woyera womwe umapezekanso mu penti ndi m'mafuta oteteza khungu ku dzuwa. Mu 1972, Akira Fujishima ndi Kenichi Honda a ku Japan anaonetsa kuti mankhwalawa akawalidwa amatha kuphwanya madzi. Pakhoma zimayenda chonchi: cheza cha dzuwa chotchedwa UV chikagunda ufawu, chinyezi ndi okosijeni zomwe zili pamenepo zimasanduka tizinthu taukali. Tizinthuto timagwira utsi n'kuusandutsa nitrate, mchere womwe umakakamira pakhoma mpaka mvula itautsuka. Chosangalatsa n'chakuti ufawo sutha. Mawa dzuwa likatuluka umayambiranso ntchito.

Kampani ya Italcementi ya ku Italy inasakaniza ufawu mu simenti, ndipo tchalitchi cha Jubilee ku Rome, chomwe chinatsegulidwa mu 2003, chinamangidwa ndi simenti yotereyi. Poyamba ankangofuna kuti makoma asade. Zomeza utsi zinabwera ngati basera.

Nanga pamsewu weniweni zimatheka? Apa m'pamene nkhani imavuta. M'tauni ya Hengelo ku Netherlands anayala njerwa za mtunduwu pamsewu wina, ndipo ofufuza a ku yunivesite ya Eindhoven anapeza kuti utsi unatsika ndi 19 peresenti pa tsiku, mpaka 45 peresenti dzuwa likaswa mtengo ndipo mpweya uli wouma. Koma ku Brussels, mumsewu wapansi pa nthaka womwe unkatchedwa Leopold II, anapaka ufawu m'makoma n'kuikamo magetsi a UV, ndipo kusintha sikunaoneke. Mwaye ndi fumbi zinaphimba ufawo, chinyezi chinachuluka, kuwala kunachepa. Ngakhale panja, mpweya wochepa chabe ndi womwe umakhudza khoma. Wotsalawo umangodutsa ndi mphepo, anthu n'kuupuma.

N'chifukwa chake mu 2016 gulu la akatswiri olangiza boma la Britain pa za mpweya linanena kuti umboni woti penti yokhala ndi ufawu imayeretsa mpweya wa m'mizinda ndi wochepa. Ofufuza akuyesabe kuthira nayitrojeni kapena kaboni mu ufawu kuti uzigwira ntchito ndi kuwala wamba, ndipo ntchitoyi ndi yoyenera kuithandiza.

Pakadali pano, khonsolo yofuna kuteteza mapapo a ana isathamangire kugula penti yodula. Iyambe yachotsa pamsewu mabasi ndi malole okalamba ofuka utsi.