Peni ya golide pa basi ya ku Chelston

Amalume anga, amene anali kalaliki ku khoti zaka zambili, anandiitana ku Chilenje mwezi watha. Maso awo afooka, dzanja linjenjemela, ndipo kulemba analeka. Anatsegula kabokosi n'kuika mapeni awili a inki pa tebulo. Imodzi anawapatsa anzawo tsiku limene anapuma pa nchito, inayo anagula okha pa ulendo umodzi wokha umene anapitapo kunja.

"Mphwanga, pa banja pano ndiwe udyela kulemba. Sankhapo imodzi. Yotsala ni ya mlongo wako wa ku Kitwe. Koma ukasankha wasankha, sinifuna zobweza."

Yoyamba inali Pelikan M800, yonenepa, ya mizele yobiliwila, nibu yake ya golide wa makalati 18, kopanila m'thumba kooneka ngati mlomo wa mbalame. Yaciwili inali Lamy 2000, yakuda bii, yosanyezimila, nibu yake yobisika ngati mutu wa fulu. Onse awili ni a ku Germany, ndipo onse amamwa inki m'botolo: mumiza nibu, mupotokola kumbuyo, inki ikwela. Mtengo wa Pelikan yatsopano uposa wa Lamy kawili ndi kupitilila. Ku kabuza kanga ka ku Chelston, ndalama imeneyo ni lendi ya miyezi ingapo.

Maso anasankha Pelikan pamene paja. Koma ine sindilembela mu ofesi ya kapeti. Ndimalembela pa bondo, m'basi, pa mzele, nthawi zina ciimilile pa msika. Ndinapempha sabata imodzi pa peni iliyonse.

Pa desiki, Pelikan ilibe mnzake. Simukanikiza, ingoyenda yokha, ndipo ngakhale zolemba zanga, zimene akonzi amati ni mapazi a nkhuku, zinayamba kuoneka za munthu wopita kusukulu. Vuto linayambila pa pepala. Peni iyi imatulutsa inki yambili, ndipo manotibuku ochipa amene ndimagula ku Kamwala amamwa ngati thonje. Mulemba tsamba limodzi, kuseli kwake kwatha nchito.

Ndiye pali civindikilo. Ca Pelikan n'copotokola ngati ca botolo. M'basi ya Hiace, anthu anayi pa mpando umodzi, zigongono zomangika, wina akutumilani foni kuti lembani nambala iyi msanga. Dzanja lina lili pa foni, lina pa peni, notibuku pa bondo. Mupotokola ndi ciani? Mano? Pa peni ya lendi ya miyezi ingapo?

Lacitatu, pa kabuti kotumizila ndalama, bambo wina anati, "Nibwelekeniko peni, boss." Ndisanayankhe anali ataizula kale m'thumba mwanga, n'kuyamba kukoka civindikilo mwamphamvu ngati ca bolopeni. Mtima unaima. Ndinamulanda mopanda ulemu, ndipo mpaka lelo ayenela kuti amandiyesa munthu womana. Anthu tinazolowela bolopeni: timakoka, ndipo polemba timakanikiza. Nibu ya golide mukaikanikiza motelo imakhadzuka mano, ndipo yatsopano ni yoitanitsa kunja. Ubwino wa Pelikan ni wakuti nibu yake imamasuka mosavuta, mungaikepo ina, ngati ndalama muli nayo.

Madzulo a tsiku lomwelo pa Kulima Tower, ba kondakita anandiyang'ana pa cifuwa popeleka cenji. "Bakamba, iyo ya golide ingenisani mukati. Pano pali maso maningi." Ndinaibisa m'cola, ndipo njila yonse ya Great East Road cola cinali pa mimba, manja onse pamwamba pake. Nkhani imene ndinafuna kulemba m'njila sindinailembe.

Sabata ya Lamy inayamba ndi citonzo. Mnzanga wa mu ofesi anafunsa ngati ndayamba kuyenda ndi maka ya pa bolodi. Sindinamuuze kuti peni imeneyi inatuluka mu 1966, kuti anaijambula ni Gerd A. Müller, ndipo maonekedwe ake sanasinthe mpaka lelo. Thupi lake ni pulasitiki yolimba yochedwa Makrolon, nibu ni ya golide wa makalati 14 koma anaikuta ndi platinum, motelo ioneka ngati citsulo wamba. Pa City Market palibe anaiyang'ana kawili. Kwa munthu wa m'mabasi, cimeneco cokha n'copambana.

Civindikilo cake mumangokoka, pobweza cimati "kete." Ndipo popeza nibu ni yobisika, siuma msanga mukaigwila yotsegula uku mukudikila wolankhula afike pa mfundo, zimene kwa akuluakulu ena zimatenga nthawi.

Nayo ili ndi makani ake. Imafuna muigwile molunjika. Mukaipendeka pang'ono, imakanda pepala kapena kudumpha zilembo, ndipo pa mahampu basi ikagwedezeka, kupendeka sikulephela. Masiku awili oyamba ndinatsala pang'ono kuibweza. Palinso tuzitsulo tuwili tung'ono togwila civindikilo, tumene tumakhala pomwe pagwila zala. Ena tumawanyansa. Ine ndinatuzolowela.

Ngozi inandigwela Lacisanu. Ndinakhala kutsogolo, pa mpando wapakati umene uli pamwamba pa injini, peni ili cogona m'cola, inki itatsala pang'ono. Potsegula ku ofesi, zala zonse buluu. Amalume anaseka pa foni. Ati peni ikatsala pang'ono kutha, mkati mumadzala mpweya, mpweya ukatentha umafufuma n'kukankhila inki kunja. Pelikan nayo ikanacita cimodzimodzi. Mankhwala ake: muzidzaza isanathe, ndipo muziinyamula nibu ili m'mwamba, m'thumba la malaya. Ndi kutentha kwa mu Okutobala, lamulo limeneli si loseweletsa.

Pa Sondo ndinabwelela ku Chilenje n'kuika Pelikan m'kabokosi kake. Kunena zoona, dzanja linacedwa kuisiya.

"Wasiya yodula?" anafunsa amalume.

"Ni yabwino kupambana, amalume, koma ifuna munthu wa motoka yake."

Anatenga Lamy n'kuipapasa ndi cala. M'mbali mwake, m'mene munali mokhakhala pogula, munasalala mpaka kuwala. Pelikan inali ngati yacoka m'sitolo dzulo. Anandiuza kuti yobiliwila ija anali kuitulutsa posaina makalata akuluakulu cabe. Nchito yonse ya tsiku ndi tsiku inali ya yakudayi, ndipo nawonso anali kukwela basi.

Mlongo wanga wa ku Kitwe amagwila nchito ya pa desiki, ndipo amayendetsa yekha. Ndamucenjeza kale za civindikilo. Ine manje m'thumba mumakhala mapeni awili: Lamy kumbali ya mkati, ndi bolopeni ya pa kantemba kumbali yoonekela, ya aja a "nibwelekeniko."